Wodya Ndiye Adziwa Mchere

Mwananga,

Bambo ako andiuza kuti kukoleji kumene wayamba kuphunzitsa akupatsa gulu la ophunzira oti uziwalangiza pa maphunziro awo. Akutinso ukudandaula kuti unamata pepala pachitseko losonyeza nthawi yokupeza, koma masabata akungotha popanda wogogoda. Nkhaniyi yandikhudza, chifukwa mpando umenewo ndinaukhalapo zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndipo pali zinthu zimene ndinazizindikira tsitsi litayamba kale kuyera. Sindikufuna kuti nawenso uzizindikire mochedwa chomwecho. Khala pansi umve azakhali ako.

Ndiyambe ndi mtsikana wina amene nkhope yake sinachoke m'maso mwanga mpaka lero. Anabwera ku ofesi kwanga masana ena zotsatira za mayeso zitatuluka. M'manja anali ndi fomu yoti ndisayine, yosonyeza kuti alibe ngongole ya buku kapena kanthu kalikonse ka dipatimenti. Pakhomo anasiya chikwama chachikulu chamizeremizere, zipi wake atang'ambika, moti ndinkaona bulangete ndi chogwirira cha poto zitasuzumira kunja. Anali atachotsedwa sukulu chifukwa cholephera makosi angapo. Nditayang'ana dzina lake pafomupo mtima unagunda, pakuti linali pa mndandanda wa ana amene ine ndinali mlangizi wawo chaka chonsecho. Dzinalo ndinkalidziwa, koma mwini wake ndinkamuona koyamba tsiku limenelo.

Ndinamuuza kuti akhale pampando, n'kumufunsa chimene chinachitika. Anayankha akuyang'ana pansi, zala zikupinda ngodya ya fomu ija. Mayi ake anadwala pakati pa semesita, ndipo popeza ndiye anali mwana wamkazi wamkulu, anapita kukawadikirira kuchipatala cha boma kwawo. Anagona pansi pa bedi la odwala masabata atatu. Pobwerera anapeza mayeso apakati adutsa, ntchito zolemba zatsekedwa. Ndinamufunsa ngati ankadziwa kuti munthu akagwa m'mavuto otere amatha kulemba kalata yopempha kuimitsa kaye maphunziro, malo ake n'kusungidwa. Anatukula maso n'kundiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. Ndiye ndinafunsa funso limene tonse timafunsa: "Nanga bwanji sunabwere kudzandiona?" Iye anati, "Ndinabwera kawiri, madamu, ndinapeza potseka. Kachitatu ndinamva mukulankhula ndi anthu m'katimu, ndiye ndinaopa kugogoda."

Chaka chomwecho, mwananga, mafomu amene ophunzira amadzaza kumapeto kwa semesita anali atanena kuti ndine mlangizi wabwino. Ndinawawerenga ndikumwetulira. Sindinadzifunse kuti amene anadzaza mafomuwo ndi ndani. Anali ana amene ankandipeza, olimba mtima, odziwa kugogoda. Mwana amene ankandifuna koposa onse mawu ake sanafike pa mafomuwo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudziyesa ndekha. Wophika angalawe ndiwo zake n'kukhutira, koma amene adziwa ngati mchere wakwana ndi uja wakhala pamphasa ndi mbale. Uphungu nawonso ndi chimodzimodzi. Iwe ukhoza kulankhula zanzeru ola lathunthu, koma wodziwa ngati zamuthandiza ndi mwana amene watuluka pakhomo lako n'kupita kukalembetsa makosi. Ukalangiza, bwerera ukamufunse.

Uyenera kudziwa kaye kuti ana amene wapatsidwawo ndi otani, chifukwa si ofanana ndi ife a kale. Pamene Yunivesite ya Malawi inkayamba kuphunzitsa ku Blantyre mu 1965, ophunzira onse sankakwana 100. Ngakhale Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, anthu anali ochepa moti mphunzitsi ankadziwa aliyense ndi dzina. M'nthawi yathu tinkagona m'mahositelo, kudya kukafeteriya, ndipo ukajomba m'kalasi masiku awiri wina ankazindikira. Uphungu unkachitika wokha, panjira yopita ku laibulale. Lero zinthu zinasintha. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anakhamukira m'masukulu, chiwerengero chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mtsinje umenewo unayenda mpaka kudzafika pamakomo a makoleji. Yunivesite ya Mzuzu inatsegula zitseko mu 1999, Bunda inasanduka LUANAR mu 2012, MUST ku Thyolo inayamba mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, sukulu za udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS. Onjezapo mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba. Zonsezi n'zokondweretsa, koma m'holo momwe kale munkakhala anthu makumi atatu tsopano mumadzaza mpaka ena kuimirira pawindo.

Ambiri mwa anawa ndi oyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite. Ena achokera ku sekondale zoyendera za kumudzi, kumene buku limodzi ankagawana anthu asanu, ndipo anakhoza MSCE ndi mapointi abwino chifukwa cha khama lokha. Akafika, palibe mkulu wawo wowauza kuti GPA imawerengedwa bwanji, kuti sapu, mayeso obwereza aja, imalembedwa liti ndiponso ndani amaloledwa kuilemba, kuti kosi imene wailephera chaka choyamba ingakutsekere ina ya chaka chachiwiri. Ambiri sagona pasukulu. Amachita lendi ku Chikanda ngati ali ku Zomba, ku Luwinga ngati ali ku Mzuzu, kapena ku Ndirande ndi ku Chitawira ngati ali ku Blantyre, ndipo m'mutu mwawo mumakhala lendi, makala ndi ufa pamodzi ndi masamu. Ena akudikira ngongole ya ku bungwe lija la ngongole za ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015, ena dzina lawo silinatuluke n'komwe. Iwe unakulira m'nyumba ya mphunzitsi, unagona kusukulu ya boding'i. Zimene zimawapunthwitsa anawa sungazilote uli muofesi. Ayenera kukuuza okha.

Koma kuti akuuze, pali phiri loyamba kulikwera, ndilo mantha. Tinawalera tokha kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, sabweza mawu, akafunsidwa amati "zili bwino" ngakhale nsapato ikumuluma. Ulemu umenewu ndimaukonda, koma ukafika pofunsa mwana kuti mphunzitsi wake akulakwitsa pati, umasanduka chotsekera pakamwa. Pamwamba pa izo pali mbiri ya dziko lathu. Mu 1987 a Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mu 2011 a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo maphunziro anaima miyezi yambiri aphunzitsi akumenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Ana a lero za 1987 sanazione, koma analeredwa ndi anthu amene anaphunzira kuti pakamwa pamapha. Ndipo pali mantha ena apafupi kwambiri: iwe amene ukufunsa maganizo awo ndiwe yemwe ukachonge mapepala awo a mayeso. Amadziwa kuti zolemba za dzanja lawo umazizindikira. Ukawapatsa pepala n'kuima patsogolo pawo ukudikira, udzalandira mayamiko okhaokha, ndipo udzapita kunyumba ukuganiza kuti ntchito ikuyenda.

Ine ndinkachita chonchi. Ndinkagawa timapepala topanda malo olemba dzina, n'kutuluka m'kalasi. Woimira kalasi ndiye ankatolera, kuika mu envulopu, kumata pamaso pa anzake, n'kukapereka kwa mayi wina wa muofesi ya dipatimenti amene ankatayipa mayankho onse. Ine ndinkalandira zotayipa zokha, timapepala tija n'kuwotchedwa. Ndinkawauza anawo ndondomeko yonseyi poyera asanalembe, kuti adziwe kuti dzanja lawo silifika m'maso mwanga. Ndinkawauzanso kuti alembe m'chilankhulo chimene mtima wawo ukulankhula, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chingerezi. Udzadabwa kusiyana kwake. Pa Chingerezi mwana amalemba mawu awiri aulemu n'kusiya. Pa chilankhulo cha kwawo amadzaza pepala mpaka kuseri.

Nthawi yofunsira nayonso ndi nkhani. Mafomu a koleji amabwera kumapeto kwa semesita, pamene wolephera walephera kale. Kumeneko kuli ngati kufunsa wodwala kuti mankhwala anali bwanji tsiku la maliro ake. Mafomuwo uziwalemekeza, ali ndi ntchito yake kwa akuluakulu, koma iwe uzifunsa zako sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, mayeso apakati asanafike, pamene chimene wamva ungachikonze mwana yemweyo n'kupindula nacho. M'mera mpoyamba.

Tsono ufunse chiyani? Apa ndipo ndinataya zaka. Funso lakuti "kodi mwakhutira ndi uphungu umene mukulandira?" silibala kanthu. Mwana amachonga pakati n'kupita kukagula chipisi pachiwaya. Munthu sadziwa kuyeza chinthu chimene sanachionepo chili bwino, ndipo mwana amene sanakhalepo ndi mlangizi amaganiza kuti kusayinidwa fomu ndiye uphungu wonse. Funsa zimene zinachitika. Funso limene linanditsegula maso kuposa onse linali ili: "Pamene unasowa chochita semesita ino, unakafunsa ndani?" Mayankho atabwera ndinawerenga kawiri. Ena anati anafunsa makonti, akuluakulu awo a zaka zapamwamba. Ena anati mayi wotayipa uja. Ena anati mtsogoleri wa mapemphero ku SCOM, ena mnzawo wa kumzikiti, ena mlonda wa pahositelo amene wakhala pamenepo zaka zambiri ndipo amadziwa ofesi iliyonse. Dzina langa linali kumunsi kwenikweni.

Poyamba zinandiwawa. Kenako ndinaona kuti anawo andipatsa mapu a njira zimene uphungu umayendamo zenizeni. Alangizi analipo kale, kungoti ena a iwo ankapereka malangizo a malamulo akale amene anasinthidwa, ndipo ana ankagwa m'dzenje chifukwa chokhulupirira mkulu wawo wa chaka chachitatu. Ndiye ndinaitana anthu amenewo, makonti angapo, atsogoleri a magulu a mapemphero, mayi wa muofesi, tinakhala pansi madzulo ena ndi tiyi ndi mandasi, n'kuwerenga pamodzi malamulo a mayeso ndime ndi ndime. Tinalemba pepala limodzi lokha, mbali ina Chingerezi mbali ina Chichewa, lofotokoza zoyenera kuchita ukadwala, ukaferedwa, ukasowa fizi, kapena ukaona kuti malikisi ako sanalembedwe bwino. Pepala limenelo linayenda m'manja mwa ana kuposa buku lonse la malamulo limene amapatsidwa sabata yoyamba, pamene mitu yawo ili pa kusaka nyumba.

Funso lina limene ndinkalikonda ndi lakuti, "N'chiyani chimene wachidziwa mochedwa, chimene ukanakonda wina akanakuuza sabata yoyamba?" Limeneli uziwafunsa makamaka a chaka chachiwiri ndi chachitatu, chifukwa zilonda zawo zikadali zaziwisi. Mayankho ake ndiwo adzakhale chiphunzitso chako kwa mayaro, ophunzira atsopano a chaka chamawa. Ndipo usaiwale kufunsa kuti, "Unayesapo kundipeza n'kulephera? Chinakulepheretsa n'chiyani?" Kwa ine yankho linali lochititsa manyazi chifukwa cha kuphweka kwake. Nthawi imene ndinaika yoonana ndi ophunzira inkagundana ndi kalasi ya kosi imene a chaka choyamba onse ankatenga. Ndinkakhala muofesi ndikudandaula kuti ana a masiku ano safuna kuthandizidwa, pamene iwo anali m'holo akulemba notsi. Ena anati madzulo sangadikire chifukwa kumene amachita lendi n'kutali ndipo njira yake mdima ukagwa siyendeka, makamaka kwa atsikana. Ndinasuntha nthawi ija n'kuiika masana, ndipo mwezi usanathe pakhomo panayamba kuima mzere. Ndiye pepala lako lija pachitseko, kodi unayang'ana ndandanda ya makalasi awo usanalembe maola?

Ndikudziwa kuti a msinkhu wako mumakonda kutumiza mafunso pa foni, kuika linki pagulu la WhatsApp kuti aliyense ayankhe. N'zabwino, zimafulumira, ndipo dzanja la munthu silioneka. Koma kumbukira chimene tinaona mu 2020 masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, pamene ena anayesa kuphunzitsa pa intaneti. Amene anali ndi foni yabwino, bandulo ndi magetsi anapitiriza, a kumudzi anatsalira. Mafunso a pa foni nawonso amasankha anthu chimodzimodzi. Mwana amene ali ndi kafoni ka mabatani, kapena amene ndalama ya bandulo wagulira bonya, sadzayankha, ndipo ndi yemweyo amene mawu ake ukuwasowa. Gwiritsa ntchito zonse ziwiri, foni ndi pepala. Ndipo ukatolera, usawerenge okhawo amene ayankha. Werenganso amene sanayankhe. Ngati uli ndi ana makumi anayi ndipo mayankho abwera khumi ndi asanu, funso lalikulu lili pa makumi awiri ndi asanu amene akhala chete.

Anthu achete amenewo pepala siliwafika. Amafuna miyendo. Ine ndinkatenga mndandanda wanga n'kuchonga aliyense amene sindinamuonepo maso ndi maso, kenako n'kumutumizira uthenga wa dzina lake, wakuti ndikufuna kumudziwa, palibe mlandu. Mawu akuti "palibe mlandu" usawasiye, chifukwa mwana wa kuno akaitanidwa ku ofesi amayamba kuganiza chimene walakwa. Ena ndinkawapeza pansi pa mtengo kunja kwa laibulale, pakuti pali ana amene muofesi lilime limauma koma panja amalankhula. Pali wophunzira wosaona amene anandiuza kuti zidziwitso zonse zimamatidwa pabolodi ndipo iye amazimva kwa anzake zitatha ntchito. Pali mayi wina wapabanja, wolowa ngati wophunzira wachikulire, amene anati amachita manyazi kufola pamzere umodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wake. Zinthu zimenezi palibe fomu imene ikanandiuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo pali gulu limene makoleji ambiri saliganizira n'komwe, la amene achoka. Mawu a Chingerezi amene amanenedwa mwana akachotsedwa chifukwa cholephera amatanthauza kuzula udzu m'munda. Mawu amenewo sindinawakondepo. Mlimi wanzeru akaona chimanga chafota amakumba kuti aone ngati ndi mbozi, chiswe kapena madzi, chifukwa chimene chapha phesi limodzi chikubwera ku mapesi ena. Mwana aliyense wa pamndandanda wako amene wachotsedwa, kapena wangosowa osabweranso, umuimbire foni. Umufunse kuti zinayamba kuvuta liti, ndipo ndani akanamuthandiza pa nthawi imeneyo. Iye alibenso choopa, malikisi ake sali m'manja mwako, ndiye adzakuuza zoona zimene otsala sangayerekeze. Kuyimba foni kumeneko n'kowawa, sindikunamiza. Nthawi zina amayankha ndi kholo limene linagulitsa mbuzi kuti alipire fizi. Koma ndiko kumene ndinaphunzira zambiri.

Tsopano mvetsetsa ichi, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Ukafunsa, ubweze yankho. Ukukumbukira kumudzi kwathu anthu aja amabwera ndi galimoto zoyera, atanyamula mapepala a mafunso, n'kukhalitsa agogo ako padzuwa kuwafunsa za mbewu, za madzi, za ana? Amalemba, kuthokoza, n'kupita osaonekanso. Atabwera kachitatu, agogo ako ankangoyankha chilichonse kuti achoke msanga apite kudimba. Ophunzira nawonso amatero. Akadzaza mafomu semesita ndi semesita osaona chosintha, amaphunzira kuti kufunsidwa ndi mwambo chabe, ndipo amachonga osawerenga. Choncho pasanathe masabata awiri utatolera maganizo awo, ima pamaso pawo uwauze zimene ananena. Nena kuti, pa nkhani ya maola mwandiuza zakuti, ndasintha motere. Pa nkhani ya zidziwitso, kuyambira lero ndizizitumizanso pagulu la foni. Pa nkhani yakuti kosi yakuti izichotsedwa, sindingathe, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Zimene zili pamwamba pa mphamvu zako uwauze kuti wazitengera kwa ndani ndiponso tsiku liti, ndipo ukamva yankho ubwere nalo ngakhale likhale lokana. Mwana akaona kuti kapepala kake kasuntha chinthu, ngakhale chaching'ono, ulendo wotsatira amalemba ndi mtima wonse, ndipo amauza mnzake kuti mayi uja amamva.

Sindikunena kuti chilichonse chimene mwana walemba uchite. Mayi akamapeta samataya zonse, samasunganso zonse. Ena adzalemba kuti mlangizi wabwino ndi amene amakawapemphera malikisi kwa aphunzitsi anzake. Ena adzafuna uziwasankhira makosi ophweka kuti GPA ikwere, ngakhale makosiwo sakugwirizana ndi ntchito imene akufuna kudzagwira. Ena adzakwiya chifukwa unawauza zoona, kuti ndi malikisi a masamu amene ali nawo, njira imene akuilakalaka idzawavuta. Pamenepo suyenera kugwedezeka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, ndipo mwana akanena pamene pakumupweteka umukhulupirire. Koma mankhwala ake si nthawi zonse amene iye akuwatchula. Akati uphungu wako unali wouma, mwina chimene unanena chinali choona koma unachinena uli chiimire, dzanja lili pachitseko. Mvera dandaulo, kenako ufufuze muzu wake.

Padzapezekanso kapepala kamene kadzakubaya. Mwana wina adzalemba mwaukali, mwina mopanda ulemu, mwinanso mosalungama. Usayankhe tsiku lomwelo, ndipo usayambe kulingalira kuti ndi ndani. Tsiku limene udzalowa m'kalasi n'kunena kuti "ndikumudziwa amene analemba izi," ndiye kuti watseka pakamwa pa kalasi yonse mpaka adzamalize sukulu, ndipo adzauzanso obwera pambuyo pawo. Kapepalako kasiye kagone. Mawa ukawerenge ngati kalembedwera munthu wina. Ine kapepala kamene kanandipweteka kwambiri kanali kakuti ndimalankhula ndi ana a m'tauni mokoma kuposa a kumudzi. Ndinakana mumtima masiku atatu. Kenako ndinadzitchera khutu, ndipo ndinapeza kuti mwana akalowa akulankhula Chingerezi chosalala ndinkacheza naye nthawi yaitali, pamene wachibwibwi pa Chingerezi ndinkamumalizira ziganizo kuti tithane msanga. Sindinkadziwa kuti ndimatero. Mwana amene analemba zimenezo anandichitira chifundo chachikulu, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza.

Zina zimene udzamva sizidzakhala zako wekha. Ukaona ana ambiri akudandaula chinthu chimodzi, monga kuchedwa kwa zotsatira mpaka nthawi yolembetsa makosi itadutsa, kapena kuti mlangizi mmodzi wapatsidwa ana ochuluka moti sangawadziwe, pita nazo kumsonkhano wa dipatimenti zitalembedwa bwino. Ndiwe wamng'ono pantchito, ndipo ukangoima n'kunena maganizo ako akuluakulu adzati mwana wabwera dzulo akufuna kutiphunzitsa. Koma ukati ophunzira akuti chakuti, ndipo nawa mawu awo, ndiye kuti sukulankhula wekha. Lankhula mwaulemu, usaloze munthu chala, ndipo usalole kuti mawu a ana asanduke chikwapu chokwapulira mphunzitsi mnzako pamaso pa anthu. Zikatero, aphunzitsi amayamba kudana ndi mafomu, n'kumawabisa m'madirowa. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limayendera makoleji kuona ngati maphunziro ali pa muyezo, ndipo nthawi ya kuyendera ikayandikira aliyense amakumbukira mafomu. Iwe usadikire alendo kuti usese pakhomo.

Pali nkhani ziwiri zolemera zimene sindingazisiye. Tsiku lina kapepala kadzanena kuti mphunzitsi wina akufuna chibwenzi kuti apereke malikisi. Chimenecho si dandaulo la uphungu loti ulisunge mufayilo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, ndipo koleji iliyonse iyenera kukhala ndi njira yolandirira madandaulo amenewa. Idziwe njirayo lero, usanaifune, ndipo uuze kalasi yonse kumene munthu angapite mwachinsinsi, pakuti wolembayo sukumudziwa koma ali pomwepo akumvetsera. Chimodzimodzi kapepala kakanena kuti wina watopa ndi moyo. Usadikire Lolemba. Lankhula ndi a uphungu wa zamaganizo kapena a kuchipatala cha pakoleji tsiku lomwelo, ndipo ubwerere m'kalasi ukanene modekha kuti wawerenga, kuti chitseko chako n'chotsegula, ndi kuti wolembayo akhoza kubwera nthawi iliyonse popanda kufunsidwa zambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mtsikana wa chikwama chamizeremizere uja sindinamusayinire fomu tsiku limenelo. Tinakhala pansi n'kulemba kalata ya apilo, iye anabwerera kwawo kukatenga umboni wa kuchipatala, ndipo patapita miyezi analoledwa kubwereza chaka. Atabwerera ndinamupempha kuti azindithandiza kulankhula ndi a chaka choyamba sabata yawo yoyamba. Ankaima patsogolo pawo n'kufotokoza za bedi la kuchipatala ndi za chitseko chimene anaopa kugogoda, ndipo holo yonse inkakhala zii. Zimene ine ndinkanena chaka ndi chaka osamveka, iye ankazinena mphindi khumi ana n'kuzilemba.

Ndiye Lolemba ukapita kuntchito, yamba wapempha ndandanda ya makalasi a ana ako uyerekeze ndi maola ako. Mpando wa mlendo uuchotse kutsogolo kwa desiki uuike pambali, kuti pakati panu pasakhale thabwa. Chitseko uzichisiya chotsegula pang'ono, ndipo ukakhala ndi munthu m'kati, ika kapepala panja kakuti wobwera adikire pabenchi, umuona. Timapepala ta mafunso ukonze sabata yachisanu isanakwane. Ukabwera kuno pa Khirisimasi unditengere mayankho otayipa aja tidzawerengere limodzi pakhonde, ndipo undigulireko magalasi ena owerengera, pakuti awa galasi lakumanzere linasweka. Upereke moni kwa apongozi anga ndi ana.

Ndine azakhali ako.